Ndalama za ndale ku America sizibwera mu envelopu, ndatopa kubwereza zimenezi

Zaka 14 tsopano ndikugwira ntchito ya ma akaunti kuno ku Washington, koma si ma akaunti a sitolo ayi, ndimakonza ma lipoti a ndalama za ndale, za ma PAC, omwe ndi makomiti osonkhetsa ndalama zothandizira andale pa zisankho, ndi za makampani amene amalemba ntchito anthu okalankhula ndi aphungu, aja timawati ma lobbyist. Ndiye paliponse pamene takumana a Malawi, kaya ndi pa maliro kaya pa chikondwerero cha 6 July, munthu akangomva ntchito yangayi funso limakhala lomwe lija, amvekere achimwene tatiuzeni, seneta mmodzi amagulidwa zingati? Ndisanayankhe nkomwe wina walumphira kale, makamaka ana athu okulira konkuno, akuti onse ndi akuba basi ankolo, kuvota nkutaya nthawi. Ndatopa nazo zimenezi abale anga, osati chifukwa choti ndikuikira kumbuyo andale, ndimaona ziwerengero zawo tsiku ndi tsiku ndipo zina zimandinyansa, koma chifukwa maganizo awiriwa ndi amene akupweteketsa anthu athu, wina akutaya voti yake, wina akutaya ndalama zake za penshoni, wina mpaka mapepala ake okhalira mdziko muno.

Envelopu ilipo, sindikukana. Seneta Bob Menendez wa ku New Jersey a FBI anamupeza ndi golide komanso ndalama zoposa $480,000 mnyumba mwake, zina zili m'matumba a majekete, khothi linamupeza wolakwa mu July 2024 ndipo anamugamula zaka 11. Amene uja ndiye katangale amene tonse timamudziwa, ndipo akagwidwa amamangidwa. Koma mukamaganiza kuti nkhani yonse ndi imeneyo nde kuti simunaione. Ndalama zimene zimasintha malamulo kuno nzololedwa, zimalembedwa poyera, ine ndi amene ndimazilemba, ndipo aliyense atha kukaziwerenga pa intaneti ulere. Mu 2024 ndalama zimene zinalembedwa kuti zagwiritsidwa ntchito pa lobbying ya boma la federal zinali pafupifupi $4.4 biliyoni, ma lobbyist olembetsa ali cha m'ma 13,000, pomwe aphungu onse a Congress, House ndi Senate kuphatikiza, ndi 535 basi. Gawani nokha, phungu aliyense anthu oposa 20 akumudikira pakhomo.

Apa mpamene ambiri mumasokoneza. Pali miphika iwiri. Mphika woyamba ndi wa lobbying, ndalama zimenezi sizilowa mthumba la phungu, ndi malipiro a ma lobbyist aja, ma loya, anthu ofufuza ndi olemba. Mphika wachiwiri ndi wa kampeni, umenewu ndiye umathandiza phungu kuti asankhidwenso, ndipo uli ndi malire, munthu mmodzi pano sangapereke kuposa $3,500 kwa kandideti pa chisankho chimodzi, kampani siloledwa nkomwe kupereka kwa kandideti kuchokera mu akaunti yake. Mphamvu imabwera pamene munthu yemweyo ali ndi dzanja mu miphika yonse iwiri. Lolemba akuthandiza kusonkhanitsa ndalama za kampeni, Lachinayi ali mu ofesi kukambirana za bilu, ndipo palibe lamulo limene waphwanya bola asanene kuti ichi ndikupereka chifukwa cha ichi.

Ndikuuzeni mmene zimaonekera pa desiki panga. Miyezi itatu iliyonse, pofika pa 20 January, April, July ndi October, timatumiza fomu yotchedwa LD-2 ku House ndi ku Senate, malinga ndi lamulo la 1995 limene analikhwimitsa mu 2007 itaphulika nkhani ya Jack Abramoff, lobbyist amene anamangidwa pa milandu ya katangale. Pa fomupo timalemba dzina la kasitomala, ndalama zimene walipira, nambala za ma bilu amene akambidwa, ndi kuti tinapita ku House, ku Senate kapena ku nthambi iti ya boma. Dzina la phungu amene anakumana naye sililembedwa, tsiku sililembedwa, zimene anapempha kwenikweni sizilembedwa, munthu amangolemba kuti nkhani zokhudza mitengo ya mankhwala, wathana nazo. Komanso lamulo limati ndiwe lobbyist pokhapokha ngati 20% ya nthawi imene ukugwirira kasitomala ameneyo ndi ya lobbying, nde akuluakulu ambiri amene anali aphungu amangodzitcha alangizi, amauza anyamata awo kuti pita kwa uje ukanene zakuti, iwo osalembetsa. Ndiye $4.4 biliyoni ija ndi yokhayo imene yaonekera pamwamba.

Chimene ndalamazi zimagula ndi nthawi ndi khutu. Phungu wa House amasankhidwa zaka ziwiri zilizonse, akangolowa wayamba kale kusaka ndalama za chisankho chinacho. Mu 2013 inatuluka ndondomeko imene chipani cha Democrat chinkapatsa aphungu ake atsopano, yowalangiza kuti maola anayi pa tsiku azikhala pa foni kupempha ndalama, ndipo a Republican nawo amachita chimodzimodzi. Saloledwa kuimba mafoni amenewa mu ofesi ya boma, nde amatuluka kupita ku nyumba za zipani zili chapafupi, kukakhala mu kachipinda ndi mndandanda wa manambala. Mukuganiza kuti pa mndandanda umenewo pali dzina la mayi wogwira shifiti ya usiku ku nyumba ya okalamba? Pali anthu amene angalembe cheke cha madola masauzande osafunsa akazi awo. Munthu akamatha maola anayi tsiku lililonse akumva madandaulo a anthu olemera, mapeto ake amayamba kuganiza kuti mavuto a dziko ndi amenewo, ngakhale atakhala kuti anabwera ndi mtima wabwino. Ma risiti ake ndimawaona. Kadzutsa wa 8 koloko mmawa mu kanyumba kena pafupi ndi Capitol, nyumba ya malamulo, anthu khumi ndi awiri, khofi ndi mazira, PAC iliyonse yabwera ndi cheke cha $1,000 kapena $2,500, phungu amakhala mphindi 45, aliyense amapatsidwa mpata wonena nkhani yake. Lobbyist yemweyo saloledwa kumugulira phunguyo nkhomaliro ku lesitilanti, ndi mphatso yoletsedwa, koma cheke cha kampeni pa kadzutsa nchololedwa.

Ndipo phungu sawerenga bilu ya masamba 1,000. Amawerenga ndi wothandizira wake, nthawi zambiri mnyamata kapena mtsikana wa zaka za m'ma 20, malipiro ake ochepa moti amagawana nyumba ndi anzake, yekhayo akuyang'anira za umoyo, za ulimi ndi za misonkho. Kukubwera bambo wa zaka 55 amene anagwirapo mu komiti yomweyo zaka 15, akuidziwa nkhaniyo kuposa aliyense, wamubweretsera ndime yolembalemba kuti ingoikani apa. Mwanayo akudziwanso kuti zaka zitatu zikubwerazi adzafuna ntchito ku kampani ya bamboyo kumene malipiro ndi owirikiza. Envelopu ya chani pamenepa?

Chitsanzo chimene ndimapereka nthawi zonse ndi cha mankhwala. Mu November 2003 House inavota pa bilu yoti Medicare, inshuwalansi ya boma ya anthu a zaka 65 kupita mtsogolo, iyambe kulipira mankhwala. Voti inachitika usiku, anaisiya yotsegula pafupifupi maola atatu mpaka mbandakucha akunyengerera aphungu, inadutsa 220 kwa 215. Mkati mwake munali kandime koletsa boma kukambirana mitengo ndi makampani a mankhwala. Tangoganizani, wogula wamkulu kwambiri mdziko lonse, woletsedwa kunenerera. Billy Tauzin, phungu wa ku Louisiana amene anali wapampando wa imodzi mwa makomiti amene anayendetsa biluyo, atachoka ku Congress anakakhala mkulu wa PhRMA, bungwe la makampani a mankhwala omwewo. Palibe anamangidwa chifukwa palibe lamulo linaphwanyidwa. Kandime kaja kanakhala zaka 19, mpaka lamulo la 2022 ndi limene linalola Medicare kuyamba kukambirana mitengo, ndipo anayamba ndi mankhwala 10 okha, ndi kuika malire a $35 pa mwezi pa insulin ya okalamba. Zaka 19 anthu akugawa mapiritsi pakati kuti akwane mwezi.

Makhothi nawo anakulitsa khomo. Pa mlandu wa Citizens United mu January 2010 Supreme Court, majaji 5 kwa 4, inalola makampani ndi mabungwe kuthira paokha ndalama zopanda malire pa zotsatsa za ndale, ndipo chigamulo china cha chaka chomwecho ndi chimene chinabala ma super PAC, amene alibe malire bola asapereke mwachindunji kwa kandideti, nchifukwa chake Elon Musk yekha anatha kuthira ndalama zoposa $250 miliyoni pa chisankho cha 2024. Chimene anthu sachidziwa ndi mlandu wa Bob McDonnell, gavanala wa Virginia, amene banja lake linalandira mphatso ndi ngongole zoposa $170,000 kuphatikizapo wotchi ya Rolex kuchokera kwa wabizinesi wina, ndipo mu 2016 Supreme Court yonse mogwirizana inafafaniza chigamulo chake ponena kuti kukonzera munthu msonkhano kapena kumuimbira foni wina si ntchito ya udindo imene lamulo la ziphuphu likunena. Ndiye munthu wamba akamva zimenezi mukufuna akhulupirire chani? Kafukufuku wa Pew amasonyeza kuti mu 1964 anthu 77 pa 100 alionse ankakhulupirira kuti boma limachita zoyenera nthawi zambiri, mu 2023 anali 16, mu 2024 anali 22. Pakati apa panadutsa nkhondo ya Vietnam, mlandu wa Watergate umene unagwetsa pulezidenti Nixon, nkhondo ya Iraq ya 2003, kenako 2008 pamene mabanki anapatsidwa thumba la $700 biliyoni anthu mamiliyoni akulandidwa nyumba. Mwana wobadwa mu 1995 sanaonepo boma lina kupatula limeneli. Akamati sindikhulupirira ine sindimutsutsa.

Pamene ndimatsutsana naye mpoti chifukwa sindikhulupirira nde sindivota. Apa ndiye ndimapsa mtima, chifukwa mu ntchito yanga ndaona chinthu chimodzi chokha chimene phungu amachiopa kuposa kutaya cheke, ndicho gulu la anthu amene amavota nthawi zonse osaphonya. Bungwe la okalamba la AARP lili ndi mamembala cha m'ma 38 miliyoni, lilibe PAC, silipereka ndalama kwa kandideti aliyense, koma yesani kukhudza Social Security, penshoni ya boma, muone. George W. Bush anayesa mu 2005, atangopambana kumene chisankho, chipani chake chili ndi House ndi Senate, kuti gawo la ndalama za penshoniyo lizipita ku ma akaunti a pa msika wa masheya, nkhaniyo inafera mnjira isanafike nkomwe pa voti. Chifukwa chake agogo amavota. Mu 2020, chaka chimene achinyamata anatuluka kwambiri, a zaka 18 mpaka 24 amene anavota anali 51 pa 100, a zaka 65 mpaka 74 anali 76 pa 100, ndipo pa zisankho za pakati pa teremu kusiyanako kumakula kwambiri. Pa zisankho zachipulula, pamene kwenikweni phungu amasankhidwa m'madera ambiri chifukwa dera limakhala kale la chipani chimodzi, amabwera mwina munthu mmodzi pa asanu alionse, ndipo ambiri ndi a imvi.

Nde onani zotsatira zake. Penshoni ya agogo palibe angaikhudze, koma ngongole ya sukulu ya achinyamata yadutsa $1.6 thililiyoni, ndi ngongole imene ngakhale utalengeza kukhothi kuti wagweratu pa chuma nkovuta kwambiri kuti ikhululukidwe, ndipo lamulo la 2005 limene makampani obwereketsa ndalama analimenyera linakulitsa zimenezi mpaka ku ngongole za ku mabanki. Biden atayesa kukhululukira $10,000 mpaka $20,000 pa munthu Supreme Court inakana mu June 2023. Otsogolera nawo ndi a msinkhu wa ovotawo, Biden anachoka pa mpando ali ndi zaka 82, Trump analowa ali ndi 78, Chuck Grassley wa ku Iowa anabadwa mu 1933 ndipo ali mu Senate kuyambira 1981, Dianne Feinstein anamwalira ali pa mpando mu 2023 ali ndi zaka 90, pomwe theka la anthu a mdziko muno sanakwane zaka 40. Sindikunyoza ukalamba, tinaleredwa kulemekeza akulu, koma munthu amene anagula nyumba yake mu 1975 ndipo sukulu analipira ndi ganyu ya pa holide sangamve mmene lendi ikuwawira pokhapokha wina amuumirize kumva.

Ndipo ana athuwa si aulesi, zotchinga zilipo zenizeni. Amasamuka pafupipafupi ndipo ukasamuka uyenera kulembetsanso, tsiku lovota ndi Lachiwiri lantchito, ndipo kupikisana nawo kumafuna ndalama zimene alibe. Maxwell Frost wa ku Florida atasankhidwa mu 2022 ali ndi zaka 25 anakanizidwa nyumba ya lendi kuno ku Washington chifukwa mbiri yake ya ngongole inaonongeka nthawi ya kampeni, phungu wathunthu. Koma ndalama sizipambana nthawi zonse, ichi ndichimene ndimafuna amve. Michael Bloomberg anamwaza pafupifupi $1 biliyoni ya mthumba mwake mu 2020 pofuna kuimira chipani cha Democrat pa upulezidenti nkupambana ku American Samoa kokha. Alexandria Ocasio-Cortez anagwetsa Joe Crowley, mmodzi wa akuluakulu a chipani, pa chipulula cha June 2018 ndi mavoti osakwana 17,000. Mavoti 17,000, anthu osadzaza nkomwe bwalo la mpira. Wamva m'mimba ndiye atsegula chitseko, ndipo ma lobbyist amakondwa kwambiri mukakhala pakhomo chifukwa chipinda chonse chimatsala chawo.

Komanso musamati lobbying yonse ndi yoipa ngati kuti ife sitinadyepo. PEPFAR ya 2003, pulogalamu ya boma la America yolimbana ndi Edzi imene yathandiza kuti abale athu ambiri kumudzi akhale pa ma ARV, inadutsa chifukwa mipingo ndi mabungwe anagogoda zitseko zomwezi za aphungu a Republican ndi a Democrat. Ndipo mu 2025 msonkho wa pa ndalama zotumiza kunja unayamba pa 5%, unatsika kufika 3.5%, pomaliza unadutsa pa 1% ndipo ukukhudza okhawo otumiza ndi kashi, money order ndi zotere, otumiza kuchokera mu akaunti ya banki kapena pa khadi anachotsedwamo. Makampani a zachuma anali ndi owalankhulira mchipindamo. Mayi wolandira kashi amene amakaima pa kauntala kutumiza fizi kumudzi analibe, nde ndi amene watsala ndi msonkhowo.

Pali nkhani imodzi imene mpaka lero imandisowetsa tulo. Bambo ena achikulire a kumpingo kwathu, anabwera kuno kalekale, anatenga unzika, anagwira ntchito mpaka kupuma, mayi anatsogola. Amakonda ndale kwambiri, TV yawo siizima. Mwana wawo wamwamuna ndi uja wa gulu la onse ndi akuba, sanavotepo, ndipo akakhala pa tebulo nkhani ya ndale ikayamba amakangana mpaka mwanayo kunyamuka, nde anagwirizana kuti asamaikambenso. Tsiku lina mwanayo anandiimbira kuti ankolo tabwerani, cheke cha lendi cha adadi chabwezedwa. Ndinapita Loweruka, tinayala ma sitetimenti a ku banki pa tebulo la kukhitchini, miyezi 11, ndinatenga cholembera chofiira nkuyamba kuzunguliza. $25, $25, $50, $35, $100, tsiku limodzi kanayi, mayina a makomiti osonkhetsa ndalama za ndale amene ena ine wogwira ntchitoyi sindinawamvepo. Titawerengera zinapitirira $9,000. Bambowo ankangoti ine ndinapereka kangapo kokha mwana wanga, ndipo samanama. Anandipatsa foni, ma meseji osawerenga mazanamazana, ena akuti mukapereka lero ndalama yanu ichulukitsidwa kasanu, ena akuti tatsala ndi maola awiri dziko litha, ena akuwatchula dzina kuti mtsogoleri wakhumudwa nanu simunayankhe. Pansi pa tsamba lopereka pamakhala kabokosi kochongedwa kale konena kuti ndalamayi izichotsedwa mwezi uliwonse kapena sabata iliyonse, timalemba tating'ono, maso a munthu wa zaka 76 sangaone. Ndipo ukapereka kamodzi nambala yako imagulitsidwa kwa ena.

Sindinena kuti chinali chipani chiti chifukwa mbali zonse ziwiri zachitapo zimenezi, ndipo zinadziwika bwino mu 2021 pamene zinaululika kuti kampeni ya Trump ndi chipani chake anabweza ndalama zoposa $120 miliyoni kwa opereka a pa intaneti mu 2020. Chimene chimandiwawa ine nchoti mwana uja anaona bambo ake akulandira ma meseji amenewa chaka chonse, anaona, koma poti anasiya kulankhulana za ndale sanafunse, iye ankati ndi zopusa za adadi. Bambo nawo ataona kuti ndalama zikuchepa anachita manyazi kuuza mwana amene amawaseka kale. Tinapulumutsako za miyezi iwiri yomalizira basi, zinazo zinapita. Ndipo makomiti ena titawafufuza pa webusaiti ya FEC, bungwe la boma loyang'anira ndalama za kampeni, tinapeza kuti pafupifupi ndalama zonse zinkathera kwa makampani otumiza ma meseji omwewo ndi alangizi, kwa kandideti kunkapita nyenyeswa. Bambowo anafunsa funso limodzi lokha, akuti ndiye zija sizinakafike? Ndinasowa chowayankha. Chisankho chotsatira sanakavote, munthu amene sanaphonyepo chitengereni unzika.

Nde mverani, chonde. Ngati muli ndi kholo kuno kapena mukusamala wokalamba, onani sitetimenti mwezi uliwonse, osati pakutha pa chaka. Lamulo limakupatsani masiku 60 kuchokera pamene sitetimenti yatumizidwa kuti mudandaule ku banki kapena ku kampani ya khadi, akadutsa amenewo mwayi umachepa kwambiri, ndionetsetse anathetsa nkhosa. Imbirani banki tsiku lomwelo, letsani zochotsa zobwerezabwereza, ngati nkotheka sinthani khadi, lemberani komitiyo kupempha kuti abweze. Dzina la komiti lililonse lilembeni pa fec.gov muone kumene ndalama zikupita musanapereke. Zija za kuchulukitsa kasanu musazikhulupirire, pa makomiti a kandideti pali malire a zopereka, palibe munthu angachulukitse ndalama za anthu masauzande kasanu. Ndipo musadikire kuti FEC ikumenyerani nkhondo, ili ndi mipando 6, chipani chimodzi sichingapitirire atatu, pamafunika mavoti anayi kuti achite kanthu, nthawi zambiri amathera 3 kwa 3 ndipo pali nyengo zimene yakhala yopanda nkomwe anthu okwanira kugamula.

China, ndipo ichi ndiye choopsa kuposa ndalama. Ngati mulibe unzika kapena green card simuloledwa kupereka ngakhale dola imodzi ku kampeni iliyonse, ya pulezidenti, ya gavanala, ya meya, ayi. Ana asukulu a viza ya F-1, a viza ya ntchito, odikira asylum, nonse ayi. Pa tsamba lopereka pamakhala mawu otsimikiza kuti ndinu nzika kapena muli ndi green card, mukadina mwasaina, ndipo zopereka zambiri zimakalembedwa pa dzina lanu poyera mpaka kalekale. A green card mutha kupereka koma kuvota pa chisankho cha federal kapena cha state ayi, kulembetsa kumene ayi. Ndamvapo anthu akuuzana kuti ukakhala zaka zisanu ukhoza, kapena kuti poti ku DMV anakufunsa okha pokonza laisensi nde palibe vuto. Bodza. Kunena kuti ndiwe nzika usali kungakuchotsetse mdziko muno ndi kukutsekera khomo mpaka muyaya, ndipo funsoli lili pa fomu ya N-400 pamene mukupempha unzika, adzakufunsani mutalumbira. Anthu oima ndi matebulo panja pa sitolo kulembetsa ovota ena ndi aganyu ofuna kudzaza mapepala, sadzakhalapo tsiku limene mukuyankha mafunso. Ngati zinakuchitikirani kale musathamangire kukadzifufuta nokha kapena kutumiza fomu ya unzika mukuyembekeza kuti saona, kaonaneni kaye ndi loya wa za imigireshoni, lero osati chaka chamawa.

Ndikati loya ndikutanthauza loya wa laisensi kapena munthu wovomerezeka ndi Department of Justice. Madobadoba aliponso kuno, ena ndi anthu athu omwe, amadzaza mafomu pabalaza nkumati ndikudziwana ndi a ku ofesi ya seneta, ndipatseni $2,000 nkhani yanu iyenda. Ofesi ya phungu aliyense ili ndi anthu othandiza pa nkhani zochedwa ku imigireshoni kapena ku Social Security, ndi zaulere, mumangosaina kapepala kowalola kufunsa m'malo mwanu, simufunika kukhala wopereka ndalama kapena wa chipani chawo, ndipo iwo amangofunsa, sangalamule kuti muvomerezedwe. Wina aliyense wokulipiritsani kuti akulumikizeni ndi kathyali. Chomalizira, bwana kuntchito kapena mkulu wina akakupatsani ndalama kuti mupereke kwa kandideti m'dzina lanu adzakubwezerani, kanani. Ndi mlandu wa federal, wolemba nkhani za ndale Dinesh D'Souza anavomera mlandu womwewu mu 2014 pa $20,000, ndipo mabwana otere amakonda kusankha ife obwera chifukwa amadziwa kuti timaopa kukana bwana. Dzina limene lidzakhale pa lipoti ndi lanu, adilesi yanu, ndi dzina la kuntchito kwanu, ndipo anthu ngati ine tikaona ogwira ntchito asanu a kampani imodzi, olandira malipiro wamba, onse apereka $3,500 tsiku limodzi, timaimika cholembera nkuimba foni.

Bambo aja anasamukira kwa mwana wawo chifukwa lendi inawakanika. Foni tinawasinthira nambala koma ma meseji anayambiranso patangotha miyezi itatu. Mwanayo pano ndi amene amaona sitetimenti pa 1 mwezi uliwonse, amanditumizira chithunzi akaona dzina lachilendo. Kulembetsa kuvota sanalembetsebe, ndamutumizira fomu kawiri.